Mwana Akalowa Pony Club, Kholo Lichite Chiyani?

Takulandirani nonse. Vidiyo ya lero takonzera makolo amene ana awo akopeka ndi zokwera mahatchi, makamaka inu amene mukukhala ku Britain, kumene mwana angathe kubwera kuchokera kusukulu n'kunena kuti akufuna kulowa Pony Club ngati anzake. Ambirife tinakula tikuweta mbuzi ndi ng'ombe, hatchi tinkangoiona pa zithunzi, motero pempho lotere limatipeza tilibe poyambira.

Pony Club ndi bungwe limene linayamba ku Britain m'chaka cha 1929 pofuna kuphunzitsa ana kukwera ndi kusamalira mahatchi, ndipo lero limalandira achinyamata mpaka a zaka 25. Dzinali likuchokera ku mahatchi afupiafupi otchedwa poni, amene msinkhu wawo supitirira masentimita 148 ukayezedwa pamwamba pa mapewa. Musathamangire kugula hatchi. Mwana amene alibe yake amalowa kudzera ku sukulu yophunzitsa kukwera imene inavomerezedwa ndi bungweli, n'kumagwiritsa ntchito mahatchi a pomwepo, pamene ana okhala ndi mahatchi awoawo amalowa m'nthambi ya m'dera lawo. Ife tikuona kuti banja longoyamba kumene liyenera kutsata njira yoyambayo, chifukwa kugula hatchi n'kopepuka kusiyana ndi kuisunga: imafuna khola, udzu wouma, katemera wa chimfine cha mahatchi, pasipoti imene malamulo a dzikolo amafuna, komanso mmisiri wodula ziboda ndi kukhoma nsapato zachitsulo pafupifupi masabata 6 alionse.

Ndalama zanu zoyamba zipite ku chipewa choteteza mutu. Chikhale chatsopano, choyezedwa pamutu pa mwanayo m'sitolo, ndiponso cha muyezo umene bungweli limavomereza, monga PAS 015, popeza akuluakulu a kalabu amachiona kaye n'kuikapo chizindikiro mwana asanaloledwe kukwera nacho. Chipewa cha kaunjika chingaoneke bwino kunja pamene m'kati chinaphwanyika kale, chifukwa chinthu chofewa chimene chili m'katimo chimateteza mutu mwa kuphwanyika chokha, ndipo chikaphwanyika sichibwereranso mwakale. N'chifukwa chake mwana akagwa n'kumenyetsa mutu, chipewacho chimatayidwa ngakhale chisakuoneka mng'alu. Nsapato zikhale ndi kachidendene kakang'ono koletsa phazi kulowerera m'chitsulo chopondera. Zovala zina zonse mungagule zakale kwa makolo anzanu, pakuti ana sachedwa kukula.

Tsopano tifike pa nkhani imene imavuta makolo ambiri, yomwe ndi kudziwa malire awo. Ku Pony Club mwana saphunzira kukwera kokha ayi. Amalemba mayeso amene amayambira pa E, n'kupita pa D, C, B mpaka A, ndipo mbali ina ya mayesowo ndi chisamaliro cha hatchi: kuipesa, kuchotsa miyala ndi matope m'ziboda, kumanga chishalo, kuwola ndowe m'khola, ndi kuzindikira ngati yadwala. Kholo lachifundo likaona mwana akulimbana ndi lamba wa chishalo m'mawa wozizira, manja amayabwa kuti limulande ntchitoyo. Mukatero mwamulanda phunziro, chifukwa tsiku la mayeso adzaima yekha pamaso pa woyesa. Imani pafupi, onetsetsani kuti ali pabwino, koma lambayo amange yekha, mphunzitsi ndiye adzaone ngati wathina mokwanira.

Chimodzimodzinso pa nthawi ya phunziro. Mwana amene ali pamsana pa nyama yolemera makilogalamu mazana angapo sangamvere anthu awiri nthawi imodzi, ndiye mphunzitsi akamanena zake inunso mukukuwa zanu kuseri kwa mpanda, amene amasokonezeka ndi mwanayo, ndipo hatchi imamva kusokonezekako kudzera m'zingwe ndi m'miyendo yake. Pa mipikisano nkhaniyi ndi yokhwima kwambiri, chifukwa malamulo amaletsa thandizo lochokera kunja kwa bwalo, moti kungomukuwira mwana kuti walakwitsa njira kungachititse kuti achotsedwe mu mpikisanowo. Ngati muli ndi funso kapena dandaulo, dikirani phunziro lithe, mukalankhule ndi mphunzitsi pambali.

Izi sizikutanthauza kuti mukhale m'galimoto n'kumayang'ana foni. Nthambi za bungweli zimayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ambiri mwa iwo makolo, motsogozedwa ndi mkulu wotchedwa District Commissioner. Pamafunika anthu onyamula mitengo yodumpha, olemba mapointi, otsegula zipata, ndi ophika pa msasa wa m'chilimwe umene ana amakhalako masiku angapo ndi mahatchi awo. Ntchito zimenezi sizifuna kuti mudziwe kukwera, ndipo ndi mmene mungadziwanirane ndi makolo amene angakuuzeni kogula zinthu motsika mtengo.

Komabe pali zinthu zochepa zokhudza hatchi zimene kholo lililonse liyenera kudziwa. Hatchi imaona bwino m'mbali koma siona kumbuyo kwake kwenikweni, choncho musaidzidzimutse kuchokera kumbuyo, ndipo ang'ono ake a wokwerayo muziwagwira dzanja. Siitha kusanza, n'chifukwa chake chakudya cholakwika chimaibweretsera kupotokola kwa m'mimba kumene kungathe kuipha. Udzu wodulidwa ndi makina otchetchera kapinga, umene inu mungauone ngati mphatso yabwino, ndi woopsa chifukwa umasasa msanga m'mimba. Musadyetse hatchi ya munthu wina chilichonse musanapemphe mwini wake.

Kugwa kudzachitika ndithu. Mwana akagwa, musamudzutse mothamanga, lolani odziwa chithandizo choyamba amuone kaye. Akayamba kusanza, kusokonezeka, kuwodzera modabwitsa kapena kudandaula mutu, asakwerenso tsiku limenelo, ndipo apite kuchipatala. Akakhala kuti sanavulale koma wagwidwa mantha, musamukalipire kapena kumuyerekeza ndi mwana wa mnzanu amene akudumpha mitengo yaitali. Muuzeni mphunzitsi, iye adzamubwezera pa zinthu zosavuta mpaka mtima utakhazikika.

Dziwaninso kuti si mwana aliyense amene amakonda kudumpha. Ena amasangalala ndi masewera othamangitsana m'magulu, amene mpikisano wake waukulu ndi Prince Philip Cup umene unayamba mu 1957, pamene ena amakonda tetrathlon, yomwe imaphatikiza kukwera, kuthamanga, kusambira ndi kuwombera chandamale. Pobwerera kunyumba, m'malo moyamba ndi funso lakuti wakhala nambala chani, mufunseni mmene hatchi inalili lero ndi chimene mphunzitsi wamuuza kuti akonze sabata yamawa.