"Bambo akaphunzira, banja lonse laphunzira": bodza limene likudyera amayi alimi ndalama

[Chithunzi choyamba: mayi akupalira mtedza, mwana kumsana]

Taonani kaye chithunzi ichi. Khasu lili m'manja mwa ndani? Mwaona eti. Tsopano taonani ichi.

[Chithunzi chachiwiri: msonkhano pansi pa mtengo wa mango, abambo pa mabenchi, amayi ochepa pa mkeka cha kumbuyo]

Awa ndi maphunziro a ulimi wa mtedza womwewo. Werengani amayi amene alipo, muonenso pamene akhala. Opalira ndi ena, ophunzira kapaliridwe ndi enanso. Nkhani yathu ya lero ndi imeneyi, ndipo musachoke msanga chifukwa pa mfundo yachitatu ndikuuzani zimene anapeza akatswiri atayesa nkhaniyi m'midzi yoposa 140 ya kuno ku Malawi.

Moni nonse abale anga, alimi anzanga a kumudzi, komanso inu muli ku Joni amene mumatumiza ndalama ya feteleza kwa amayi anu chaka ndi chaka. Vidiyo iyi ikukukhudzani kwambiri inuyo. Ngati n'koyamba kufika pa tchanelo chino, dinani batani la subscribe ndi kabelu kali pambali pakeko. Tiyeni tilowe.

Mfundo yoyamba, ndithamangapo chifukwa ambiri mukuidziwa: ulangizi wa zaulimi n'chiyani? Unduna wa Zaulimi unagawa dziko lino m'zigawo zaulimi 8, ma ADD aja: Karonga, Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, Salima, Machinga, Blantyre ndi Shire Valley. Pansi pake pali maofesi a m'maboma, kenako ma EPA, omwe ndi madera ang'onoang'ono a ulangizi, ndiye mlangizi amene amafika kumudzi pa njinga. Ambiri mwa alangiziwa anaphunzira ku Natural Resources College, imene pano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR. Vuto ndi loti ndi ochepa. Kumadera ena mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja 2,000 kapena kuposa apo. N'chifukwa chake pali alimi otsogolera, oti mlangizi aphunzitse mmodzi, iyeyo akaphunzitse anzake pa munda wachionetsero. Palinso sukulu za alimi za m'munda, zimene bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, FAO, linayambitsa ku Indonesia mu 1989, zoti gulu limakumana pa munda umodzi kuchokera pobzala mpaka pokolola. Basi, yoyamba yatha.

Yachiwiri, amaphunzitsa chiyani? Chimanga, njira ya Sasakawa: mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Mtedza ndi soya, mizere iwiri pamwamba pa mzere umodzi. Manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, n'kumanga m'thumba masiku 21. Mbatata yofiira mkati monga Kadyaubwerere ndi Zondeni. Kuyendera munda m'mamawa kufufuza mbozi ya ntchemberezandonda, ija inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017. Za manyowa a Mbeya tili ndi vidiyo yakeyake, link ili mmunsimu, mukaonere mukamaliza ino.

Tsopano yachitatu. Apa ndiye ndikhalitsapo, mundikhululukire, chifukwa nkhani iyi imandiwawa.

Pali mawu amene amanenedwa m'midzi mwathu ngati ndi nzeru. Amati, "Aitaneni abambo, akafotokoza kunyumba." Ena amawonjezera kuti, "Amayi za masentimitazi sangazigwire, angotaya nthawi." Mfumu ikamalemba maina a opita ku maphunziro imalemba mutu wa banja. Mayi nayenso amati, "Apite bambo akewa, ine ndiphikire ana." Aliyense amaona ngati zili bwinobwino.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga kwa azakhali anga ku Mchinji. Kunabwera maphunziro a masiku awiri a ulimi wa mtedza wa CG7. Amuna awo ndi amene anapita. Anabwerako madzulo ndi tisheti yatsopano ndi kope m'manja. Azakhali akusenda nyemba pakhonde anafunsa, "Nanga akuti bwanji kumeneko?" Yankho linali lakuti, "Akuti tizibzala mothinana." Masiku awiri a maphunziro anathera m'mawu atatu amenewo. Zoti mzere uzikhala wotambalala pamwamba kuti pakwane mizere iwiri, sizinafike pakhondepo. Zoti mtedza ukakumbidwa uziumitsidwa mitengo yake itaunjikidwa mozungulira, makoko osakhudza dothi, sizinafike. Chachikulu kwambiri, zoti mtedza sawuwaza madzi pofuna kuusenda, sizinafikenso.

Ndiye nthawi yosenda itakwana, azakhali anachita monga anachitira amayi awo: anatenga madzi m'kabeseni, n'kuwaza pa mulu wa mtedza kuti makoko afewe, zala zisapweteke. Amene munasendapo matumba asanu a mtedza ndi manja mukudziwa mmene chala chachikulu chimatupira. Koma chinyezi chimenecho n'chimene chimaitana chuku, ndipo chuku ndi chimene chimabweretsa poizoni uja wotchedwa aflatoxin, woononga chiwindi, amenenso anatitsekera misika yambiri ya mtedza ya ku Ulaya. Wogula wa mtengo wabwino anabwera, anatapa dzanja limodzi, anaswa njere ziwiri zitatu, anaona mtundu wake, anapukusa mutu. Mtedza wonse unapita kwa venda pa mtengo wolira.

Amalume aja sanali munthu woipa ayi, ndipo musawanyoze m'ndemanga. Kungoti sanasendepo mtedza chibadwire. Mlangizi akunena za kuwaza madzi, iwo sanaone kuti mfundo imeneyo ndi yofunika kuisunga, chifukwa si ntchito yawo. Munthu amagwira m'mutu zimene manja ake amachita. Amene amasankha mbewu, kupalira, kuumitsa, kusenda, kupeta ndi kusunga ndi mayi, ndiye mafunso oyenera kufunsa mlangizi alinso ndi mayi. Bambo angafunse bwanji funso la ntchito imene saigwira?

Tsono tibwere ku bodza lija loti amayi sagwira. Akatswiri ofufuza, mwa iwo Ariel BenYishay ndi Mushfiq Mobarak, anayesa nkhaniyi kuno konkuno ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2020. M'midzi yoposa 140, midzi ina anasankha bambo, ina anasankha mayi, kuti aphunzire njira yatsopano, yobzala m'maenje kapena yopanga kompositi, kenako akaphunzitse anzawo. Pambuyo pake anawayesa mayeso kuti aone zimene akukumbukira komanso ngati akuzichita m'minda mwawo. Amayi sanatsalire m'mbuyo ngakhale pang'ono. Anaphunzira, anasunga, anagwiritsa ntchito chimodzimodzi ndi abambo. Kusiyana kunaonekera pena: anthu ochepa ndi amene ankapita kukamvera mayi, chifukwa m'mitima mwawo anali ataweruza kale kuti mayi sadziwa ulimi ngati bambo.

Mwamva? Mutu wa mayi unalibe vuto. Makutu a anthu a m'mudzi ndi amene anali otseka.

[Pa sikirini: 28%]

Wina anena kuti, "Koma nanga bwanji minda ya amayi imatulutsa zochepa?" Inde, zimenezo n'zoona, sindikubisa. Lipoti la mu 2015 la UN Women, World Bank ndi mabungwe ena a United Nations linapeza kuti ku Malawi minda yoyendetsedwa ndi amayi imatulutsa zochepa ndi 28 peresenti poyerekeza ndi ya abambo, ndipo kutseka mpata umenewu kungawonjezere pafupifupi madola 100 miliyoni pa chuma cha dziko chaka chilichonse. Koma werengani zifukwa zake. Lipotilo likuloza ku kusowa kwa anthu othandiza kulima, kusowa kwa zipangizo, ndi kusalima mbewu za ndalama zambiri. Mayi wamasiye amene akulima yekha, mvula yoyamba ikagwa amayamba wakagwira ganyu m'munda mwa eni kuti ana adye, kwake amabzala mochedwa, amapalira udzu utakula kale. Ndi umbuli umenewo? FAO nayo mu 2011 inanena kuti amayi atapeza zipangizo mofanana ndi abambo, zokolola za m'minda mwawo zikhoza kukwera ndi 20 mpaka 30 peresenti.

Ndipo taganizani, kumadera ambiri a pakati ndi kummwera, kumene kuli chikamwini, mundawo ndi wa mayi, anaulandira kwa amayi ake. Mwini munda akutsala pakhomo, mkamwini ndiye akukaphunzira za munda. Ukwati ukatha bambo amanyamula chikwama chake, maphunziro aja amapita naye limodzi.

Inu alangizi amene mumationera, ndikudziwa mulipo ambiri ndipo ntchito yanu ndi yolemetsa, pempho langa ndi ili. Msonkhano wa 8 koloko m'mawa mayi sangafike, ali kumjigo kapena akukonzekeretsa ana a sukulu. Yesani masana, nsima itadyedwa. Kuitana musamati "mitu ya mabanja", muziti banja libwere awiri. Amene sadziwa kuwerenga musam'patse pepala, m'patseni chingwe chomanga mfundo pa masentimita 25 aliwonse, akayese yekha pa mzere. Mukasankha mayi kukhala mlimi wotsogolera, muimirireni pagulu pamaso pa amfumu, munene poyera kuti mayi awa ndawaphunzitsa ndine, mukafuna nzeru pitani kwa iwowa. Inunso amfumu, zikomo, mawu anu amodzi amatsegula makutu a mudzi wonse.

Tandilemberani m'ndemanga: kwanuko mlimi wotsogolera ndi mayi kapena bambo? Tchulani boma lokha, maina a anthu ayi. Mukatero mupanikizenso like, zimathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa ena.

Yachinayi. Kukolola zambiri ndi kupeza ndalama zambiri ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo maphunziro amene amathera pa kukolola amakhala am'siya mayi panjira. Mwezi wa Meyi ndi Juni aliyense ali ndi chimanga, mavenda amamanga masikelo pa mphambano iliyonse, mtengo uli pansi. Pofika Januwale chimanga chomwecho mayi akuchigulanso pa mtengo wokwera. Chimene chimam'gulitsitsa msanga ndi ziwiri: mantha a anankafumbwe ndi vuto la ndalama la lero lomwe.

Za anankafumbwe, alipo matumba a PICS, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University ku America. Ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba lolukidwa kunja. Chimanga chikauma bwino, mumamanga lililonse palokha mpweya osalowa, tizilombo timafera momwemo popanda mankhwala. Koma chiume ndithu, ndipo thumba likabooka ndi khoswe ntchito yatha, choncho liikeni pa thandala, osati pansi.

Za ndalama ya lero, apa ndi pamene banki mkhonde imagwira ntchito yake yeniyeni. Mwana akadwala mu Juni, mayi amakongola ku gulu m'malo motsegula thumba la soya. Kalabu ya amayi ikasonkhanitsa matumba pamodzi imathanso kukambirana mtengo ndi wogula wamkulu, kapena kudzera ku mabungwe ngati NASFAM, m'malo moti aliyense apite ndi ndowa yake kwa venda. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, imvereni pa wailesi musanagulitse. Ndipo kalabu igule sikelo yakeyake. Muziyeza kunyumba musananyamuke, kuti sikelo ya pamsika ikanena zina mukhale ndi poyambira kutsutsa.

Mwa njira, gulu lathu la pa WhatsApp timatumizirana mitengo ya m'misika sabata iliyonse, kalowedwe kake kali mmunsimu, ndi ulere.

Yachisanu ndi yaifupi koma ndi imene anthu saifuna kuimva. Ndalama ikabwera, imasungidwa ndi ndani? Timadziwa tonse mbewu zimene zimatchedwa "za amayi", mtedza, nyemba, nandolo, zimakhala za amayi mpaka tsiku limene mtengo wake wakwera. Tsiku limenelo bambo amakweza matumba pa njinga n'kupita okha kumsika. Ngati mayi analima miyezi isanu ndipo sakudziwa kuti thumba linagulidwa zingati, chaka chamawa mizere iwiri ija adzaivutikiranji? Alangizi ena tsopano amakhala pansi ndi banja lonse, bambo, mayi ndi ana akuluakulu, kujambula pa pepala zimene akufuna kukwaniritsa, kaya ndi malata, kaya ndi mbuzi, kaya ndi fizi, ndi kugwirizana kuti agulitsa matumba angati, asunga angati. Funsani mlangizi wa kwanu ngati angachite zimenezi ndi kalabu yanu. Inu a ku Joni, mukamatumiza ya feteleza, muzifunsanso kuti ku maphunziro kukupita ndani.

Azakhali aja chaka chotsatira anapita okha ku munda wachionetsero, anakhala kutsogolo, ndipo funso lawo loyamba linali loti asenda bwanji mtedza wouma osawaza madzi. Kalabu yawo inasonkherana n'kugula kamakina kosendera kopukusa ndi manja. Sabata yamawa ndikupita nako kamera kumeneko kuti muone mmene kamagwirira ntchito, njere zingati zimasweka, komanso ngati ndalama yake imabwerera. Vidiyo ya manyowa a Mbeya ija ikuoneka pa sikirini panopa, idineni. Tionana Lachisanu.