Musanagule sipulingi, yang'anani kaye muvi

Zikomo nonse pobwera. Amene muli kumbuyoko sendererani kuno, chifukwa zina zomwe ndikuonetseni ndi zing'onozing'ono. Mfuti zoseweretsa zonse zikhale pansi, magazini osungira mivi muchotse. Inunso achimwene, ngakhale mukuti mulibe kanthu.

Patebulopa ndaika mfuti ziwiri za Nerf, zoseweretsa zoponya mivi ya siponji. Iyi ndi Retaliator, yoyendera sipulingi. Mukakoka apa, pisitoni imabwerera m'mbuyo n'kupanikiza sipulingi, ndipo mukawomba imakankha mpweya womwe umaponya muvi wa siponji. Inayi ndi Stryfe, ya mabatire anayi a AA. Mkati mwake muli mamota awiri ozunguza timawilo tiwiri, muvi ukangolowa pakati timaufinya n'kuulavula. Zikangochoka m'bokosi, zonse ziwiri zimaponya pa liwiro la mafiti pafupifupi 70 pa sekondi, ndiye kuti mamita 21. Pamasewera timangoti fps.

Pafupifupi aliyense wondipeza amafunsa kuti, ndigule sipulingi ya mphamvu ya makilogalamu angati? Ine ndimamufunsanso: mukasewera kuti? Masewera aliwonse ali ndi malire ake a liwiro. Aja a Humans vs Zombies, omwe anayambira ku Goucher College ku America mu 2005, anthu amawomberana pafupi kwambiri, n'chifukwa chake magulu ambiri salola kupitirira 130 fps. Ena amalola 150, ena kuposa apo. Mukafika amayamba ayeza mfuti yanu pa chronograph, kachipangizo koyeza liwiro la muvi, ikapitirira mubweza m'chikwama, tsiku lonse muonerera anzanu. Malirewo si nkhanza. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yomenyera imawirikiza kanayi, ndipo womenyedwayo ndi mnzanu.

Tsono tengani muvi uwu, mupatsirane. Ndi wa Elite, wotalika mamilimita 72. Finyani mutu wake. Mwamva kuti mkati ndi mphako? Pali ndi kabowo pambali. Mutu wotere ndi wopepuka, ndiye mukauthamangitsa kwambiri muvi umagwedeza mchira ngati nsomba n'kupita kumene wafuna. Munthu amati mfuti yanga siilondola, n'kukagulanso sipulingi ina yamphamvu kuposa yoyamba, vutolo n'kukulirakulira. Uwu wachiwiriwu timautcha waffle. Mutu wake ndi wolemererako, kutsogolo n'kophwatalala, umayenda mowongoka. Ndipo kaja kakafupi, theka la unzakewu, ndi komwe osewera ambiri a liwiro lalikulu anasamukirako, koma kamafuna magazini yakeyake, monga Talon ya kampani ya Worker, komanso mfuti yoti ingakalandire. Mivi ya mutu wolimba ngati mwala ija musabwere nayo n'komwe. Kwa ine, kusintha mivi kokha kumathandiza kuposa china chilichonse chimene mungagule koyamba.

Tibwere ku ya sipulingiyi, ndaimasula kale. Masikuluwu muziwaika papepala molingana ndi malo omwe achokera, pakuti sakhala ofanana kutalika, ndipo mujambule chithunzi musanakhudze kanthu. Onani kamphira kozungulira pamutu pa pisitoni aka. Tsekani potulukira mpweya ndi chala, mukankhe. Ikakana kulowa, zili bwino. Ikangolowa fwaa, mpweya ukuthawa, ndipo sipulingi yamphamvu ingothandiza kuuthawitsa msanga. Sinthani kamphirako, mupake girisi wa silicone pang'ono. Mafuta odzola kapena oyilo wa galimoto ayi, amatha kufufumitsa mphira n'kuifewetsa.

Mulinso kavavu kochepetsa mpweya, kamene ambiri amathamangira kukaboola. Liwiro limakweradi pang'ono. Koma kavavuko ndi komwe kamaletsa pisitoni kumenya pulasitiki mwamphamvu mukawomba mulibe muvi. Ine ndinadziwira pa mfuti yanga yoyamba. Ndinakachotsa, n'kuikamo sipulingi yomwe ndinkachita kukoka ndi manja awiri. Masiku ochepa ndinkayenda monyada. Tsiku lina ndikukoka ndinangomva thwa, kapulasitiki kogwira pisitoni kathyoka, ndipo nditatsegula ndinapeza kuti chubu cha mpweya nachonso chang'aluka kumapeto. Sipulingi siibwera yokha. Imafuna kogwirira kolimba, kasipulingi ka kogwirirako kamphamvunso, ndi kamphira kofewa pamutu pa pisitoni kochepetsa kumenyako.

Za mamota ndi nkhani ina, ndipo apa mumvetsere, chifukwa pali moto. Pali mabatire otchedwa 14500, ofanana msinkhu ndi AA, koma lililonse ndi mavoti 3.7 m'malo mwa 1.5. Anthu amangowaponyamo, mfuti n'kulira mokweza, iwo n'kusangalala. Komatu timawaya ta m'fakitale ndi towonda ngati ulusi, switchi yake ndi yaing'ono, zonsezi zimatentha. Njira yabwino ndi yotopetsako: chotsani mawaya onse, muike a 16 kapena 18 AWG (muyezo wa kunenepa kwa waya), muwotcherere bwino ndi solder, chitsulo chosungunula cholumikizira mawaya, muike switchi yotchedwa microswitch yopirira magetsi a ma amp ngati 21, kenako batire lotchaja lotchedwa LiPo. La 2S, la maselo awiri, ndi mavoti 7.4, la 3S, la maselo atatu, ndi 11.1, ndipo mota iliyonse yogulitsidwira ntchitoyi imalembedwa kuti ndi ya liti. Ya 2S mukaipatsa 3S, muinunkhiza posachedwa. Muonenso kuti batirelo lingathe kupereka mphamvu yomwe mamota awiriwo amakoka poyamba kuzungulira, pakuti ndi pomwe amakoka kwambiri.

LiPo ndi yosachedwa kupsa mtima. Selo iliyonse ikadzaza imafika mavoti 4.2, musaitsitse mpaka pansi pa 3, ndipo posunga nthawi yaitali ikhale cha pa 3.8. Tchajani ndi tchaja yoyang'anira selo iliyonse payokha, inu muli pomwepo, osati mukugona. Batire likatupa ngati pilo, ntchito yake yatha. Makolo amene muli pano, gawo limeneli ndi lanu, osati la ana.

Mayi mwafunsa za mpata wa pakati pa timawilo. Eya, ukachepa, tinene kuchoka pa mamilimita 43.5 kufika pa 41.5 pakati pa mamota awiriwo, muvi umafinyidwa kwambiri n'kuthamanga. Koma mivi imatha msanga, ndipo mota yofooka imatha kuima muvi uli pakati. Poyambira, wotakasukawo ndi wokwanira.

Za utoto ndinene mwachidule. Pentani mmene mukufunira, koma kukamwa kwa mfuti kusiyeni kwa olenji, ndipo musaipente yonse yakuda bii. Wodutsa patali sadziwa kuti ndi choseweretsa.

Tsopano chronograph ili uko pakona. Aliyense avale magalasi oteteza maso, ngakhale ongoonerera. Muwombe mivi khumi yatsopano ya mtundu umodzi, mulembe manambala onse khumi, osati lalikulu lokha. Amene manambala ake akudumphadumpha, wina 60 wina 85, abwere nayo kuno tione kamphira kaja.