Makalata a Omvera: Kodi a Esposito onsewa ndi pachibale?

Takulandiraninso omvera athu, kaya muli ku dimba, kaya mu minibasi, kaya pa ulonda, khalani nafe. Sabata yatha ndinalonjeza kuti lero tikamba za mayina a ku Italy poti mafunso ake anaunjikana, ndiye tisachedwe.

Uthenga woyamba wachokera kwa mnyamata wina wa ku Ndirande, walemba pa WhatsApp chonchi: "Achimwene ine mpira wa ku Italy sundiphonya, Loweruka lililonse ndimakhala pa video show. Ku Inter kuli mwana wina wogoletsa dzina lake Pio Esposito, kenako ndaonanso Esposito wina timu ina, komanso mu filimu ya Breaking Bad bambo wogulitsa nkhuku uja akuti dzina lake lenileni ndi Esposito pomwe iye ndi wakuda. Anzanga akuti umenewu ndi mfunda ngati a Phiri kapena a Banda, ine ndikukana mpaka tabetcherana. Tiweruzeni."

Achimwene a ku Ndirande, mwawina ndinu. Osewera mpirawo ndi a bere limodzi zoona, alipo atatu, Salvatore wobadwa mu 2000, Sebastiano mu 2002 ndi Francesco Pio mu 2005, kwawo ndi ku Castellammare di Stabia kufupi ndi mzinda wa Naples. Wa mufilimuyo ndi Giancarlo Esposito, anabadwira ku Copenhagen ku Denmark mu 1958, bambo ake anali a ku Naples ndipo mayi ake anali woimba wachikuda wochokera ku Alabama ku America. Ndiye mukuona kuti onse njira ikuloza ku Naples, koma si mfunda ayi. A Phiri awiri akakumana pa depoti amayamba kufunsana za kumudzi ndipo pomwepo amatengana ngati abale, koma a Esposito awiri sangatero chifukwa dzinali silinachoke kwa gogo mmodzi, linachoka pa khoma la nyumba yolerera ana osiyidwa.

Mawuwa ndi a Chilatini, expositus, kutanthauza woikidwa panja, wosiyidwa pa mbalambanda. Ku Naples m'dera la Forcella kuli nyumba ya Annunziata imene inayamba m'zaka za m'ma 1300, ndipo pakhoma lake loyang'ana ku msewu panali kabowo, kuseri kwa kabowoko kuli chimgolo cha matabwa chozungulira chimene amachitcha ruota. Mayi amene wasowa pogwira, mwina ndi umphawi mwina ndi mimba yopanda mwini, amabwera usiku kudzaika khanda mmenemo, kuzunguza chimgolocho, basi mwana walowa mkati popanda wina kuona nkhope ya womubweretsa. Mkatimo munkagona azimayi odikirira, amamutola, kumusambitsa, kumubatizitsa, kumuveka kamendulo ka mtovu m'khosi kokhala ndi nambala, kenako mlembi amalemba m'kaundula tsiku, ola, nsalu zimene wabwera nazo ndi dzina latsopano, kutsogolo kwake Esposito. Anthu a mumzindamo ankawatcha ana a Madonna, kutanthauza Maria mayi wa Yesu. Ambiri ankamwalira asanathe ndi chaka chomwe chifukwa oyamwitsa ankachepa komanso matenda sankachoka m'nyumbamo.

Chimene chimandikhudza ine kwambiri ndi ichi: azimayi ambiri sankangosiya mwana chimanjamanja. Amamangirira pa nsalu theka la mendulo, kapena kachithunzi ka woyera mtima kong'ambidwa pakati, theka linalo n'kupita nalo kunyumba kuti tsiku lina zinthu zikadzayenda adzabwere, adzalumikize, adzanene kuti uyu ndi wanga. Tinthu timeneti tikusungidwabe m'nyumba yosungiramo zakale ya pa Annunziata, kutanthauza kuti theka linalo silinabwere. Munthu wochita zimenezi sanali wouma mtima ayi, anali atapanikizika.

Nanga dzinali linachuluka bwanji? Mnyamata aliyense amene anapulumuka n'kukula akakwatira, ana ake Esposito, zidzukulu Esposito, kwa zaka mazanamazana. Lero ndi dzina lotsogola ku Naples ndi chigawo chonse cha Campania, ndipo m'dziko lonse limawerengedwa limodzi ndi Rossi, Russo ndi Ferrari pa mayina ofala kwambiri. Kuyambira cha m'ma 1880 anthu a kummwera kwa Italy atayamba kuthawa umphawi pa sitima zapamadzi, dzinali linakafikanso ku New York, Buenos Aires ndi São Paulo. Joachim Murat, mfumu ya Naples amene anali mlamu wake wa Napoleon wa ku France, analetsa mu 1811 kupatsa ana otoledwa dzinali poona kuti likuwatsata ngati chipsera moyo wawo wonse, ndipo kabowo kaja kanatsekedwa mu 1875. Mizinda ina inali ndi mayina akeake a ana oterewa, ku Rome Proietti, ku Florence Innocenti, ku Milan ambiri anapatsidwa Colombo, kutanthauza nkhunda, poti chizindikiro cha chipatala chowalera chinali nkhunda.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Balaka. Akuti: "Ine ndakulira pafupi ndi ansembe a Montfort ochokera ku Italy, ndipo ndimadabwa kuti mayina awo ambiri amathera ndi i, ngati ma bishopu athu akale a Mangochi, Assolari ndi Pagani. Komanso mwana wanga akuti Ferrari ndi galimoto basi si dzina la munthu, zoona?"

Mayi, muuzeni mwanayo kuti galimotoyo inatenga dzina kwa munthu, Enzo Ferrari wa ku Modena wobadwa mu 1898, ndipo dzinalo limatanthauza osula zitsulo, poti ferro ndi chitsulo. Mudzi uliwonse unali ndi wosula makasu ake, n'chifukwa chake a Ferrari ali ponseponse. I wa kumapetoyo amaonetsa kuchuluka, ngati mmene ife timanenera kuti achina uje, ndipo ndi chizolowezi cha kumpoto ndi pakati pa dzikolo, komwe kuli mzinda wa Bergamo kumene ansembe ambiri a ku Balaka anachokera. Kummwera amakonda o, ndiye Rossi wa kumpoto ndi Russo wa kummwera tanthauzo ndi limodzi, munthu wa tsitsi lofiira.

Pamene ndimalankhulamu palowa uthenga wina, ndipo ndiuwerenga ngakhale nthawi yatithera. Mayi a ku Dedza, apempha kuti tisatchule mudzi: "Bambo, nkhani ya chimgoloyo yandiliritsa. Ine ndikulera kamtsikana kamene tinakapeza m'mbali mwa munda katakulungidwa m'chitenje, tsopano kali ndi miyezi inayi. Achibale ena ayamba kukaitana Chotola ndipo akuti dzina ndi lomwelo poti ndi zimene zinachitika. Ine mtima ukukana. Ndichite bwanji?"

Mayi, choyamba zikomo chifukwa chomutola mwanayo. Nafenso kwathu kuno timatcha mayina potengera zimene zagwa, a Mavuto, a Masiye, tonse tikuwadziwa, koma ine pa ili ndili mbali yanu, musalole. Mwanayo adzalowa sitandade 1 ndipo aphunzitsi adzaitana dzinalo m'kaundula m'mawa uliwonse anzake onse akumva, nkhani imene iye yekha amayenera kudzaimva kwa inu atakula idzakhala pakamwa pa kalasi yonse. A Esposito a lero amalinyadira dzina lawo, koma amene analiyamba ankanyozedwa nalo mpaka mfumu inachita kulowererapo. Ku Italy komweko alembi ena ankasankha mayina odalitsa, ngati Diotallevi, kutanthauza Mulungu akulere. Ife tili ndi Mphatso, Chisomo, Talandira, sankhanipo ndipo achibalewo muwauze mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Ngati simunapite ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana ya m'boma lanu pitani, kuti mapepala ake alembedwe m'dzina limene mwasankhalo. Ndipo chitenje chimene munamupeza nacho chija musachitaye, chichapeni, muchipinde bwino, muchiike pansi pa sutikesi.

Makalata awiri a za dzina la Conforzi ochokera ku Thyolo ndawaona, amenewo tiyamba nawo sabata ya mawa.