Mawu a M'mawa: Musamuchititse Manyazi (Rute 2:15-16)

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Inu amene mukukoleza mbaula, inu amene muli kale pa siteji kudikira minibasi, ndi inu amene mukuweruka ntchito ya usiku ku Johannesburg, Mulungu watidzutsanso. Lero tiwerenga Rute 2:15-16. Ngati Baibulo lili pafupi werengani mutu wonsewo, ndi waufupi, mumaliza phala lisanazizire.

Nkhaniyi ambiri timaidziwa. Njala itagwa ku Betelehemu, Naomi anathawira ku Moabu ndi mwamuna wake komanso ana awo awiri aamuna. Patatha zaka ngati 10 anabwerera kwawo amuna onse atatu atawaika m'manda a kudziko la eni. Amene anamutsatira ndi mpongozi wake Rute, mlendo, nayenso wamasiye. Anafika nthawi imene anthu amayamba kukolola barele, koma iwo analibe chokolola.

Mulungu anali atawaganizira kale anthu otere. Pa Levitiko 19:9-10 analamula kuti pokolola usamwete mpaka m'mphepete mwenimweni mwa munda, ndipo zogwa pansi usabwerere kukatola. Pa Deuteronomo 24:19 anawonjeza kuti ngakhale mtolo wathunthu, ukauiwala, usiye. Ndi wa mlendo, wa mwana wamasiye ndi wa mayi wamasiye. Choncho Rute potuluka m'mawa umenewo sanapite kukapempha. Anapita kukakunkha. Ife amene tinakulira kumudzi tikukumbukira, eni munda akatha kukumba mtedza, ana tinkalowamo ndi timakasu ndi timbale, ndipo panalibe wotinena kuti ndife akuba kapena opemphapempha.

Tsono taonani chimene anachita Boazi, mwini munda. Anali munthu wachuma. Akanatha kumuitana Rute pakati pa antchito onse, kumusenzetsa thumba lodzaza, anthu n'kuomba m'manja. Koma anadikira Rute atanyamuka kubwerera kukakunkha, ndi pamene anawauza anyamata ake kuti amulole atole ngakhale pakati pa mitolo, asamuchititse manyazi. Anawauzanso kuti azisolola ngala zina m'mitolo n'kuzisiya pansi dala kuti iye azitola yekha, ndipo asamudzudzule. Madzulo Rute atapuntha anapeza barele wokwana pafupifupi efa imodzi, tinene kuti ndowa yathu ija ya malita 20 yodzaza bwino. Anasenza yekha. Atafika kunyumba Naomi anamufunsa kuti wakunkha kuti lero, wagwira ntchito kuti. Limeneli ndi funso lofunsa munthu wochokera kuntchito.

Ndime imeneyi ine inandigwira pakhosi chifukwa cha chithunzi chimodzi chimene ndinajambula ndi foni yangayi.

Mukukumbukira mmene zinthu zinatsatizanirana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula nyumba ndi kukokolola minda kuno kummwera, ife a ku Blantyre tinaona ndi maso matope akutsika m'phiri la Soche. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. M'dera lathu mabanja amene ankagula chimanga pa thumba anayamba kugula pa ndowa, kenako pa kachigoba, mapeto ake ka walkman kamodzi madzulo, nsima yoti ana agonere. Ena ankapita kuchigayo kukafunsa madeya, n'kumanena kuti ndi a nkhuku, pamene pakhomo palibe ngakhale nthenga.

Ku mpingo kwathu tinakhazikitsa komiti ya zachifundo, ine n'kukhala msungichuma. Anthu anagwira ntchito, zimenezo sindingabise. Tinachita pepa sande. Amayi anaphika mpunga ndi nkhuku n'kumagulitsa potuluka m'tchalitchi. Achinyamata anatsuka magalimoto Loweruka lathunthu mpaka manja kuchita makwinya. Abale a ku Joni ndi ku UK anatumiza zawo, za kuno zinkangolowa pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Tinagula ufa, nyemba, mchere, sopo ndi mafuta ophikira.

Tsiku logawa tinaika tebulo kutsogolo kwa tchalitchi mapemphero atangotha, anthu asanabalalike. Maina tinkaitana pa chimkuzamawu. Aliyense akalandira ankaima kaye ndi thumba lake, komiti kumbali kwake tikumwetulira, ine n'kujambula. Usiku womwewo zithunzi ndinaziponya pa gulu la WhatsApp, ndipo mawa lake zinali pa status za anthu amene sindiwadziwa n'komwe.

Pa zithunzizo panali mayi wina wamasiye wa ana atatu, wochapa zovala m'makomo mwa anthu. Aliyense anayang'ana kamera, iye yekha anayang'ana pansi. Ine ndinaona ngati ndi ulemu chabe.

Mwezi wotsatira sanabwere. Ndinapita kwawo ndi gawo lake. Anandiyalira mphasa, anandipatsa moni mogwada, kenako anati, "Zikomo asisi, Mulungu akudalitseni, koma mwezi uno tapeza kale. Kapatseni ena." Pambaula panali mphika wa kholowa basi. Beseni la ufa linali lovundikira pansi, lopanda kanthu. Ndinabwerera ndi thumba langa mtima ukuwira, ndipo ndivomere pamaso panu kuti m'njira ndinkati, kusauka kunyada.

Amene anandiuza zoona ndi aneba ake. Mwana wake wa sitandade 6 anzake anayamba kumuitana kuti "wa ufa wa kutchalitchi", mpaka anajomba sabata yathunthu. Achibale a malemu mwamuna wake kumudzi anaona chithunzicho n'kumuimbira kuti wawayalutsa. Ndipo alandilodi, ataona pa status ya munthu wina, anafika m'mawa mwake kuti popeza mwayamba kulandira thandizo, lendi ya miyezi iwiri ija ndiifuna lero. Thumba limodzi la ufa linamubweretsera zonsezo.

Nditakafotokoza ku komiti, agogo ena aakazi amene nthawi zambiri sayankhula pa misonkhano anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Suitana mudzi kuti udzaone mmene zapsera."

Ndikudziwa chimene ena mukuganiza, chifukwa inenso ndi chimene ndinayankha tsikulo. Nanga amene atumiza ndalama adziwa bwanji kuti zafika? Funsoli ndi lachilungamo ndipo tisalipeputse. Munthu amene akutsuka mbale mu lesitilanti ku Cape Town n'kupatula kangachepe kake ali ndi ufulu wodziwa kumene kapita. Tonse tamvapo za ndalama za chipepeso zimene zinachepa pakati pa mbale ndi kope, za makomiti amene anayamba ndi pemphero n'kutha ndi kulozana zala. Chithunzi tinkachiona ngati chishango chathu.

Koma Paulo anakumana ndi vuto lomweli ndipo analithetsa mwanjira ina. Iye anasonkhetsa ndalama m'mipingo ya ku Makedoniya ndi ku Akaya zothandizira abale osauka a ku Yerusalemu. Pa 1 Akorinto 16:2-3 anawauza kuti aliyense azipatula kanthu tsiku loyamba la sabata monga mwa kupeza kwake, ndipo mpingo usankhe wokha anthu owakhulupirira oti akapereke mphatsoyo. Pa 2 Akorinto 8:18-21 akunena kuti pamodzi ndi Tito akutumiza mbale wina wosankhidwa ndi mipingo, pofuna kuti pasapezeke wowanena pa kayendetsedwe ka chuma chimenechi, pakuti akufuna kuchita zoyenera pamaso pa Ambuye komanso pamaso pa anthu. Werengani makalata onsewo, simupezamo dzina la wosauka mmodzi wa ku Yerusalemu amene analandira. Amene Paulo anawaika poyera ndi ogwira thumba. Ife tinatembenuza zinthu. Tinaika poyera nkhope ya wolandira, pamene kope langa ine msungichuma palibe amene analitsegulapo.

Lero pa gulu timaponya malisiti, tsamba la kope losonyeza zolowa ndi zotuluka, ndi chithunzi cha katundu ali pa mulu asanagawidwe. Ndalama timawerenga anthu awiri, potapa pamafunika anthu atatu avomereze. Maina a mabanja amadziwa abusa ndi anthu atatu a m'komiti, ndipo aliyense wopereka amene ali ndi chikaiko akhoza kutuma munthu wake kudzaona kope. Chodabwitsa n'chakuti abale akunja aja sanadandaule. Mmodzi anachita kulemba kuti zithunzi zija zinkamuvuta kuziona, chifukwa mayi ake omwe anakhalapo pa mzere wotero chaka cha njala ya 2002. Yesu pa Mateyu 6:2 anati popereka zachifundo tisalize lipenga. Lipenga la masiku ano timayenda nalo m'thumba, ndipo limalira mpaka kutsidya la nyanja.

Chovuta kwambiri chinali kuphunzira kugwetsa ngala. Imeneyi ndi ntchito, ndipo imafuna nzeru kuposa kuimika anthu pa mzere. Kwa mayi uja ndinayamba ndi kupita kukapepesa. Chithunzi ndinachifufuta, ngakhale m'mafoni a ena sindikanatha kuchichotsa. Kenako tinamva kuti amakazinga mandasi okoma koma mpamba unathera ku maliro. Komiti inamupatsa oda ya mandasi a pa misonkhano yonse ndi a ana a Sande sukulu, ndalama yoyamba tinalipiriratu kuti agulire fulawa ndi mafuta, pa mtengo wake weniweni, osanenerera. Amayi awiri anamulowetsa ku banki m'khonde yawo. Denga lake linali lodontha, ndipo agogo aja ndi amene anapeza njira. Anamutumizira chimera ndi ufa kutatsala masiku atatu, n'kumuuza kuti akonze thobwa, anyamata akubwera pa dima. Anyamata anafika Loweruka ndi makwerero ndi misomali, iye akuwathirira thobwa m'makapu, akuwakalipira kuti lata ilo mwalipendeketsa. Tsiku limenelo anali mwini khomo wolandira alendo.

Si onse angathe kukunkha, izi tisaiwale. Pali agogo amene miyendo inakana, pali odwala amene ali pa mphasa, pali ana olera ana anzawo. Naomi sanapite kumunda. Anadya zimene Rute anabwera nazo, kuphatikizapo chakudya chimene anasunga atakhuta masana. Kwa otere thumba lipite ndithu, koma lipite chakumadzulo, pa njinga ya mnyamata wodziwa kutseka pakamwa, ngati mmene mbale amatumizira mbale wake. Fizi ya mwana ikalipiridwe kusukulu mwakachetechete, mwanayo angomva kuti dzina lake lachoka pa mndandanda wa obwezedwa.

Ndiyankhuleko kwa inu odzipereka, amene mulibe ndalama koma muli ndi miyendo ndi nthawi. Mu nkhani ya Rute anyamata okolola aja satchulidwa maina, koma chifundo cha Boazi chinadutsa m'manja mwawo. Mmodzi yekha akanangoseka, kapena kunena kuti "tolani izi mayi, abwana akuti tikugwetsereni", zonse zikanaonongeka. Zimene mwaona m'nyumba ya munthu, mphasa yong'ambika, ana ogona pa chiguduli, si nkhani ya pa mjigo kapena ya mu minibasi. Ngakhale kuzibweretsa ngati mutu wa pemphero pagulu, mochita kutchula dzina, nthawi zina ndi miseche yovala yunifolomu ya mpingo.

Palinso lamulo lina limene Boazi anapereka, pa vesi 9, loti anyamata asamukhudze Rute. Anadziwa kuti mayi wanjala m'munda wa eni ali pa ngozi. Abambo, ndinena mosapsatira. Thumba la ufa kapena fizi ya mtsikana si chiphaso cholowera m'nyumba ya mayi wamasiye. N'chifukwa chake kwathu palibe bambo amene amakapereka thandizo yekha. Amapita awiri, ndipo mmodzi amakhala mayi.

Pa masika a chaka chatha ndinali pa tebulo kulemba zimene anthu abweretsa. Pakati pa matumba a chimanga ndi nkhuku zomangidwa miyendo panali beseni la mandasi lovundikira ndi chitenje, palibe amene anaona wolibweretsa. Chitenjecho ndinachizindikira, ndi chomwe chija chinali pa chithunzi. Mlembi anandifunsa kuti tilembe dzina la ndani. Ndinamuuza kuti alembe beseni limodzi la mandasi, basi.

Tipemphere. Atate, inu amene munasiyira mlendo ndi wamasiye m'mphepete mwa munda, kumbukirani makomo amene m'mawa uno moto sunayake. Tikhululukireni pamene tinadyetsa m'bale wathu uku tikumuvula. Tipatseni manja oyera pogwira ndalama za anthu, ndi pakamwa podziwa kusunga zimene maso aona. M'dzina la Yesu, Amen.

A komiti, Loweruka tikumana 7 koloko m'mawa kuchigayo. Amene muli ndi matumba opanda chizindikiro cha mpingo mubwere nawo, ndipo tikufunabe anyamata awiri a njinga oti adzanyamule dzuwa likapendeka.