Mwana akakomoka, kudikira kunyumba n'koopsa

Zikomo amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyo sendezani kuno kuti timvane bwino.

Mwana akayamba kuphupha, maso atatembenuka, thovu likutuluka m'kamwa, ambiri timathamangira supuni kapena chala kuti asalume lilime. Chonde tisiye zimenezi. Munthu sangameze lilime lake. Supuni imathyola mano, ndipo chidutswa cha dzino chikatsikira kummero chimatseka mpweya. Musamupanikizenso manja ndi miyendo, musamuthire madzi, musamumwetse mankhwala aliwonse. Muchotseni pafupi ndi moto, ikani nsalu yofewa pansi pa mutu, mumasuleni zovala pakhosi. Malovu ake sapatsira khunyu, mugwireni popanda mantha.

Pamene mukuchita izi, wina ayang'ane nthawi pafoni. Kukomoka kobwera ndi kutentha thupi kumagwira ana a miyezi 6 mpaka zaka 5, pafupifupi ana 2 mpaka 5 mwa 100 alionse, ndipo kawirikawiri kumaleka kokha. Koma kukafika mphindi 5 mwana akadaphuphabe, kapena akayambiranso asanatsitsimuke, nyamukani nthawi yomweyo. Kukapitirira nthawi yaitali kumavuta kuletsa ndipo kumatha kuvulaza ubongo.

Tsopano chimene ndabwerera makamaka ndi ichi. Kuphupha kukaleka, mitima yathu imakhala pansi, timati wagona, musiyeni apume. Apa ndi pamene ana ambiri timawachedwetsa. Mugonekeni chammbali, nkhope italoza pansi pang'ono, kuti masanzi ndi malovu zituluke m'malo molowa m'mapapo. Chagada ayi. Kenako muyeseni monga momwe azaumoyo amachitira. Iwo amadzifunsa mafunso anayi: kodi ali maso ndipo akukuzindikirani? Ngati ayi, akutembenuka mukamuitana dzina? Ngati ayi, akusuntha kapena kulira mukamutsina pachikhadabo? Kapena sakuyankha chilichonse? Mwana amene akungoyankha pomutsina, kapena wosayankha n'komwe, sakugona tulo. Wakomoka, ndipo akufunika chipatala msanga. Kusinza pang'ono pambuyo pa kuphupha kumachitika, koma pakadutsa mphindi 30 osadzuka, madokotala amaganizira matenda aakulu a muubongo.

Mwafunsa kuti chimayambitsa n'chiyani, mayi? Funso labwino. Malungo ofika kuubongo, matenda oumitsa khosi, kuchepa kwa shuga m'magazi, kuvulala m'mutu, kumwa mankhwala kapena poizoni mwangozi, ndi khunyu. Ndi maso simungasiyanitse, ngakhale ine sindingathe popanda kuyeza. N'chifukwa chake mwana aliyense amene wakomoka koyamba ayenera kuonedwa ndi dokotala, ngakhale atadzuka n'kuyamba kusewera. Khanda losakwana miyezi 2 ndiye limanyenga kwambiri. Mwina silingaphuphe thupi lonse, limangotafuna milomo, kuyang'ana malo amodzi, kukana bere, kapena liwombo kutupa. Limenelo musagone nalo.

Mukafika kuchipatala musakhale pamzere. Nenani mokweza kuti mwana wakomoka. Ndondomeko ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO yotchedwa ETAT imati mwana wotere athandizidwe asanaonedwe ena onse. Adzayang'ana kapumidwe kake, kumupatsa mpweya wa oxygen, ndi kuyeza shuga pachala. Shuga akatsika kuposa 2.5 pa makina oyezera amamuika madzi a shuga pamsempha, ndipo nthawi zina mwana amatsegula maso pompopompo. Ngati akuphuphabe amamupatsa mankhwala oletsa kuphupha otchedwa diazepam, kawirikawiri kudzera kumalo ochitira chimbudzi, mulingo wake potengera kulemera kwa mwanayo.

Akapempha kutenga madzi a pamsana, ndikudziwa ambiri mumachita mantha. Ndikukupemphani ndi mtima wonse, musakane. Singano imalowa m'munsi, pansi pa pamene chingwe cha msana chimathera, ndipo madziwo ndi amene amasonyeza ngati ali matenda oumitsa khosi, amene amapha msanga akapanda kupatsidwa mankhwala oyenera.

Adokotala adzafuna kudziwa kuti kuphupha kunatenga mphindi zingati, kunagwira thupi lonse kapena mbali imodzi, thupi linatentha liti, anagwa kapena ayi, ndiponso anamwa chiyani. Ngati pali botolo la zimene anamwazo, litengeni. Panjira mumunyamule chammbali, mutu usapindikire pachifuwa, ndipo musamudyetse kapena kumumwetsa kanthu mpaka atadzukiratu.

Tsopano bwerani awiriawiri kutsogolo kuno, tiyeserere kugoneka chammbali ndi chidolechi.