Musanagule malata, kwerani kaye muone mapulanga

Zikomo amfumu, amayi ndi abambo nonse. Nkhani yanga lero ndi ya denga, poti mvula ya Novembala sichedwa ndipo ena mwayamba kale kufunsa mitengo ya malata ku hadiweya.

Vuto lomwe ndimaliona kawirikawiri ndi ili, munthu wagulitsa soya, ndalama yonse wathira ku malata, kalipentala akwera kukasasula denga lakale angopeza mapulanga onse chiswe chinadya kalekale, ukabaya ndi msomali ukungolowa ngati mu nsima. Basi nyumba ikhala yosafolera sabata ziwiri, ana akugona kwa aneba. Ndiye choyamba muuzeni mmisiri akwere, abaye pulanga lililonse, awerenge ofunika kusintha.

Tsopano kuwerenga malata. Tengani tepi muyeze kutalika kwa nyumba, tinene mamita 8, muonjezere masentimita 30 mbali iyi ndi 30 mbali inayo kuti khoma lisamanyowe, ndiye 8.6. Lata la IBR, lija la mizere ikuluikulu yamakona, mukalilumikiza ndi linzake limaphimba masentimita pafupifupi 69 basi, osati mulifupi mwake monse ayi chifukwa kwina kumalowa pansi pa linzake. Gawani 8.6 ndi 0.69, zikupatsani 12 ndi kachidutswa, kachidutswako ndi lata lathunthu, ndiye 13 mbali imodzi ya denga, mbali zonse ziwiri 26. Malata wamba amizeremizere aja muyezo wake ndi wina, funsani pogulapo. Kutalika kwa lata musayezere pansi chonde, yezani motsetsereka kuchokera pamsonga mpaka pomwe madzi azigwera.

Za geji, nambala ija yosonyeza kukhuthala kwa lata, mayi apo afunsa bwino kuti yolimba ndi iti. Nambala ikachepa lata ndiye lokhuthala, 28 ndi yolimba kuposa 32. Ya 32 ndiyotchipa inde koma imapindika ndi phazi la kalipentala yemweyo, dzimbiri silichedwanso.

Pa pepala lanu lembaninso mariji a pamsonga, misomali ya malata ija ya zipewa, misomali ya mapulanga, mankhwala a chiswe opaka mapulanga, thiransipoti, ndi ndalama ya mmisiri yomwe mugwirizane asanakwere. Komanso waya womangira denga kukhoma, uyu ndikupempheni musamunyoze. Madenga ambiri amene amasasuka ndi mphepo si kuti malata anali oipa, amanyamuka ndi mapulanga omwe chifukwa anangosanjika pa njerwa osamanga, mwinanso n'kutsamiritsa ndi miyala pamwamba. Zimandipweteka kuona zimenezi poti waya ndi wotchipa.

Mitengo sinditchula pano. Mukukumbukira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa dzulo sunalinso wa lero. Yendani mashopu atatu sabata yomwe mukufuna kugulayo, akulembereni kotesheni, ndipo pa K100,000 iliyonse sungani K10,000 yapadera, china chake chimaperewera ndithu.

Amene mwabwera ndi miyezo ya nyumba zanu musachoke tikatseka, ndili ndi kakyuleta tiwerengere limodzi.