Letesi wa m'chigubu: opanda dothi, opanda magetsi

Muli bwanji nonse. Mukakhala pa lendi ku Chibavi kapena ku Zolozolo, malo anu ndi pakhonde basi, ndipo eni nyumba safuna muwakumbire pabwalo. Ndiye lero tidzala letesi m'madzi.

Njira imeneyi ili ndi dzina la Kratky, katswiri wa pa yunivesite ya Hawaii ku America. Siifuna pampu. Magetsi kaya athime tsiku lonse, letesi wanu zilibe naye kanthu.

Nachi chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5, chotsuka bwino ndi sopo. Ndaboola pamwambapa kuti pakhale kapu ya yogati. Kapuyo nayo ndaiboolaboola pansi, muli mankhusu a mpunga otsuka ogwiriza mbande. Chigubucho chikutireni ndi pulasitiki yakuda, chifukwa kuwala kukalowa madzi amachita ndere, nderezo n'kumadya chakudya cha mbewu yanu.

Ndalama zimapita pa feteleza. Urea kapena 23:21:0 wa chimanga uja pano ayi. M'munda dothi limaonjezera zina zomwe mbewu imafuna, koma m'chigubu palibe woonjezera. Funsani kwa ogulitsa zaulimi feteleza wosungunuka wa hydroponics, kutanthauza ulimi wa m'madzi wopanda dothi. Nthawi zambiri amabwera ndi michere ina iwiri, calcium nitrate ndi Epsom salt. Sungunulani chilichonse pachokha musanathire m'chigubu, mukaziphatikiza zili zokhathamira zimapanga zimbulumbulu zoyera pansi. Muyeso tsatani wa papaketi, osati wa m'maso. Madzi abwino ndi a mvula, ndipo ku Mzuzu kuno mvula sitipempha. A pampopi ayambe agona tsiku m'ndowa yosavundikira.

Tsopano yang'anitsitsani apa, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Tsiku loyamba madzi akhudze pansi pa kapu. Letesi akamamwa, madzi amatsika, pakati n'kutsala mpata wa mpweya. Taonani mizu ya pamwambayi, yoyera, ya ubweyaubweya. Iyi ndi yopumira. Yapansiyo ndiyo ikumwa. Ndiye munthu wachifundo amaona madzi atsika, amatenga jagi n'kudzadzanso mpaka kukamwa. Wamiza mizu yopumira ija, ndipo posakhalitsa letesi amafota ali m'madzi, mizu itasanduka yabulauni, ikununkha. Musadzadze. Malita 4 kapena 5 amakwanira letesi mmodzi mpaka kukolola. Ngati madzi atsala pang'ono kuuma, onjezerani pang'ono, mpata uja utsale.

Kapu ikhale yothina pabowo kuti udzudzu usapeze polowera kukaikira mazira. Ikani chigubu pomwe dzuwa limafika maola 5 kapena 6 koma mvula siivumbwira mkati, chifukwa imasukulutsa feteleza ndi kukweza madzi.

Letesi amakonda nyengo yozizirira ngati yathuyi. Pakatha masabata 5 kapena 6 chiwokereni mwayamba kudya, ngakhale mu Juni ndi Julaye amachedwerapo. Chayinizi ndi mpiru nazo zimachita bwino. Tomato yekha muyambe mwamusiya, amamwa kwambiri, chigubu ichi sichingamukwane.